Kompyuta Yomaliza ya Ba Lyford

Shopu yanga ndi ya Ba Lyford Miti zinkalekanitsidwa ndi thabwa lopyapyala, moti iwo akayetsemula ine ndinkati pepani. Tinakhala choncho zaka khumi ndi zinayi, kuseri kwa msewu wa Mosi-oa-Tunya, kamtunda pang'ono kuchokera ku Mukuni Park. Ine Lillian ndimakonza mafoni, ndi makompyuta akapezeka. Iwo ankakonza makompyuta okhaokha, foni ankayiyesa chidole cha ana. Anthu amandidziwa kuti ndine wapakamwa, ndipo sindikana, koma nkhani ya bambo amenewa yandikhala pakhosi chaka chathunthu.

Anabadwira ku Katete, nabwera ku Livingstone ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi bambo awo atapeza ntchito ku njanji. Atakula anaphunzira kukonza mataipulaita. Ankazungulira maofesi a boma pa njinga, ali ndi kachikwama ka mafuta ndi burashi. Mu ofesi ina munali mtsikana wachilozi wa ku Senanga wotaipa makalata, dzina lake Namasiku, ndipo taipulaita yake inkawonongeka Lolemba lililonse. Anzake ankati ankaipotokola yekha. Ba Namasiku ankakana mpaka atakalamba, koma akuseka. Anakwatirana, nabereka mwana mmodzi, Lubosi, amene tsopano amagwira ntchito ku Kitwe.

Mataipulaita atatha fasho, amisiri anzawo ena anapita kukalima, ena anathera kumowa. Ba Lyford anagula mabuku naphunzira makompyuta ali ndi zaka makumi anayi. Maofesi a chigawo atasamukira ku Choma, makasitomala ambiri anapita nawo, koma iwo anati mtengo waukulu sauzula. Ankanyadira ntchito yawo mpaka kunyansa. Kompyuta ikabwera, asanayang'ane pa sikirini, ankayamba kuigwira ndi kunja kwa chala, uku akunena kuti makina ali ngati mwana, usanamufunse mugwire pamphumi.

Analinso ndi lamulo limodzi losaphwanyika: pulasitiki ya pa katundu wa mwini sachotsa mmisiri. Amene si wa kuno angaseke, koma ife timadziwa. Rimoti timaisunga m'pepala lake mpaka TV kufa. Mipando ya galimoto imayenda ndi pulasitiki chaka chonse, anthu akuthukutira pamenepo. Katundu wambiri wolowa kuno ndi wogwiritsidwa kale ntchito kwina, choncho pulasitiki ndiyo mboni yoti chinthu ndi chatsopano. Ukaichotsa, kasitomala amayamba kukuyang'ana ngati wakuba.

Ba Namasiku atapuma pa ntchito anayamba kubwera ku shopu tsiku lililonse. Ankakhala pa kampando pafupi ndi amuna awo, ndipo pakamwa sipankatsekeka. Chilichonse chotuluka pa sikirini ankachiwerenga mokweza, kenako n'kufunsa ngati mwana wa giredi wani. Ichi chalemba kuti diski sikupezeka, ndiye yapita kuti? Nambala iyi bwanji yafika pa eyite faifi? Kawaya kofiira aka bwanji kali kumanzere pomwe anzake ali kumanja? Ba Lyford ankawakalipira kuti akhale chete, amake Lubosi, asawasokoneze, ndipo makasitomala ankaseka. Ine ndiye ndinkamva zonsezo kudzera m'thabwa lija. Ndinawapatsa dzina loti Wailesi, ndipo dzinalo linafalikira mzere wonse wa mashopu.

Ndinali chitsiru. Matenda a shuga anali atadya maso a Ba Lyford pang'onopang'ono, mpaka ankangoona kuwala ndi mithunzi. Mafunso opusa aja ndiwo anali maso awo. Mayi ankawerenga, bambo ankamva, kasitomala ankapita kwawo akutamanda mmisiri. Tizisikuru ting'onoting'ono ankamanga mayi, ponamizira kuti akungothandiza madala. Anachita zimenezi zaka zitatu, ndipo palibe anadziwa, ngakhale mwana wawo. Inenso ndinadziwa mochedwa, pa Lachisanu limene ndinena posachedwa.

M'mwezi wa Okutobala chaka chathachi kunabwera Mazuba, mayi wachitonga wojambula mavidiyo a maukwati. Laputopu yake inali itatopa, ndiye anaitanitsa zipangizo zatsopano ku Lusaka kuti Ba Lyford amumangire kompyuta ya patebulo yamphamvu. Mtonga ndi Mlozi ndi pachimbuya, amanyozana momwe angafunire popanda mlandu. Mazuba atangotula makatoni anayamba. Anati Alozi amawadziwa, zatsopano abisa n'kumuikira za salaula, zogwiritsidwa kale ntchito, choncho akufuna adzapeze pulasitiki iliyonse pamalo pake. Ba Namasiku anamubwezera kuti Mtonga kompyuta aitani, akame nayo ng'ombe? Anaseka onse awiri mpaka ine ndinamenya thabwa kuti achepetse.

Anamanga Lachiwiri, Mazuba atakhala pakhomo kuonerera ngati kapitawo. Chaka chimenecho kunali chilala, madzi a m'damu anachepa, ndipo magetsi ankabwera maola ochepa ngati mlendo wodutsa. Tsiku limenelo sanabwere n'komwe. Anamaliza kumanga osayatsa, nati adzayesa mawa. Ndikukumbuka Ba Namasiku akudandaula mutu potseka shopu, ndipo ine ndinawauza kuti wailesi nayo imafuna kupumula. Ndiwo mawu omaliza amene ndinawalankhula.

Lachitatu m'mawa Ba Namasiku anagwa akusesa pakhonde kwawo ku Dambwa. Sanalankhulenso. Lachisanu anatisiya. Pamaliro achimbuya amayenera kuseketsa anthu ndi kunyoza womwalirayo, ndiwo mwambo. Mazuba anayesa. Anaimirira n'kuyamba kunena kuti Mlozi uyu wathawa asanamupatse katundu wake, koma mawu anamuthera pakati, nakhala pansi akulira kuposa ife tonse.

Maliro atatha, Lubosi anati bambo ake apite naye ku Kitwe. Sankadziwa za maso. Ankangoona munthu wa shuga, wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu, wotsala yekha m'nyumba. Ba Lyford anakana. Anati ali ndi ntchito, ali ndi shopu, ndipo sapita kukakhala pakhonde la mpongozi kumawerenga magalimoto. Anakangana masiku angapo. Ali mkati mokangana, Mazuba anatenga kompyuta yake, ndipo tsiku lomwelo anaibweza. Inkayaka bwino, koma pakapita mphindi zisanu fani inkalira ngati ndege ya alendo oona mathithi, kenako zii, yazima yokha.

Apa Lubosi anapeza pogwira. Anauza bambo ake, ine ndikumva m'thabwa, kuti tchuthi chake chikutha Lamlungu. Kompyuta imeneyi ikakhala itachira pofika Loweruka, avomereza kuti madala akadali olimba ndipo awasiya. Ikawakanika, atseke shopu akwere naye basi. Ba Lyford anavomera mwaukali, ngati munthu amene wanyozedwa. Choncho nyumba yawo, shopu yawo ndi tauni imene anakhalamo zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, zonse zinatsamira pa bokosi lakuda limene linkakana kuzizira.

Sabata imeneyo ndinamva zonse. Magetsi akabwera cha m'ma teni koloko, fani inkayamba kulira, kenako zii. Patapita kanthawi inkayambanso, kenako zii. Aliyense wolowa anali ndi nzeru zake. Wina anati ndi dzuwa la Okutobala, makina a kunja sangapirire Livingstone. Wina anati magetsi akubwera ofooka. Mayi wogulitsa maeyataimu ananong'ona kuti womwalirayo sakufuna kuti ichoke mu shopu, ndipo ndinamuuza kuti akanene zimenezo kutchalitchi kwawo aone ngati sam'thamangitsa. Koma ine ndemwe sindinalowe. Ndinkaopa kampando kaja kopanda munthu, ndiponso ndinkachita manyazi ndi pakamwa panga.

Lachisanu cha m'ma leveni ndinalephera kupirira. Ndinasiya foni ya munthu ili chitsegulire n'kulowa kwawo osaodira. Zimene ndinaona zinandipsetsa mtima. Chitseko chagalasi cha m'mbali mwa kompyuta chinali chochotsa. Fani ya patebulo inali kuuzira m'kati. Anali atamangirira tizifani tina tiwiri takale ndi waya, kamodzi kakuuzira chammbuyo. Pansi panali pawa sapulai ina, kabokosi kogawa magetsi m'makina, imene anayesa kusintha. Munthu amene anandiphunzitsa theka la zimene ndimadziwa ankachita zinthu za mmisiri wa pansi pa mtengo.

Ndinawauza kuti asunthe. Sanatsutse, ndipo zimenezo zinandidabwitsa, chifukwa masiku onse sankalola munthu kukhudza tebulo lawo. Ndinayatsa n'kulowa m'bayosi, momwe kompyuta imaonetsa kutentha kwa purosesa isanayambe ntchito ina iliyonse. Purosesa ndiye ubongo wa makinawo, kachidutswa kochepa ngati bisiketi, ndipo imatentha kwambiri. Pamwamba pake amamangapo hitisinki, chitsulo cha zipsepse chimene chimayamwa kutenthako kuti fani ikuuluze. Nambala inayamba pa sikisite. Ndisanameze malovu inali pa eyite. Inafika pa nainte seveni, makina osagwira ntchito iliyonse, kenako anazima.

Ndinayamba ndi zophweka. Fumbi munalibe, makina anali atsopano. Fani ya pa hitisinki inkazungulira bwino, inalumikizidwa pamalo pake, ndipo inkakankhira mpweya koyenera. Masikuru anayi a hitisinki anali omangika mofanana, palibe logwedera. Nkhani ya dzuwa ndinaitaya, chifukwa dzuwa lingawonjezere pang'ono koma silingawiritse makina ongokhala. Ndinayatsanso, ndipo nambala ikukwera ndinagwira zipsepse ndi kunja kwa chala, monga iwo anandiphunzitsira. Zinali zozizira ngati mpeni. Mpweya wotuluka kumbuyo nawonso unali wozizira.

Purosesa ikuwira pansi, chitsulo cha pamwamba pake chili chozizira, ndiye kuti moto sukuwoloka. Pali chinthu pakati. Mmisiri aliyense amadziwa zimenezi, ndipo ndinawatembenukira ndi ukali.

"Ba Lyford, vipsepse ni vozizira. Simunagwire?"

"Ninagwira pa Mande."

"Manje sabata yonse mumangilira mafani ya chani? Mudziba kuti vuto ili pansi pa hitisinki. Chosani muone."

Anati hitisinki imeneyo anamanga ndi amake Lubosi, ndipo ndicho chinthu chomaliza chimene manja awo anagwira mu shopu muno. Tsiku lililonse ankaika sikurudiraiva pa sikuru loyamba, koma dzanja linkakana. Ndinafewa pang'ono, komabe ndinati chisoni sichikonza makina, amasule basi ndipo amangenso. Ndinawalozera pa sikirini, imene ndinali nditayatsanso, kuti aone okha nambala mmene ikuthamangira. Anatembenuza nkhope, koma anayang'ana pambali pa sikirini, pakhoma.

"Ba Lillian," anatero motsitsa, "nibelengeleni. Maso yanga yanasila kudala. Nikachosa ichi chinthu, siningakwanise kuchibweza."

Ndinakhala pa katoni. Anandifotokozera zonse mosabisa, za zaka zitatu zija, za mafunso, za kukalipa kwabodza kumene ankapangana m'mawa ali pa minibasi. Ndinakumbukira nthawi zonse zimene ndinamenya thabwa, ndi dzina lija limene ndinafalitsa. Akuluakulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga unanditsata mpaka pa katoni paja. Ndinalira ngati ndine woferedwa, ndipo iwo ndi amene ananditonthoza, nandikumbutsa kuti magetsi apita thu koloko.

Ndinazimitsa, ndinazula pulagi. Ndinawafunsa ngati ndimasule, ndipo anagwedeza mutu kuvomera. Ndinamasula masikuru mopingasa, pang'ono apa pang'ono apo, kenako ndinapotoza hitisinki pang'ono kuti imatuke ndi kuinyamula. Pakati pa purosesa ndi hitisinki amapakapo pesiti, mafuta otuwa onga mankhwala otsukira mano, kuti zitsulo ziwirizo zigwirane bwino moto uzidutsa. Pesiti analipo, wokwanira bwino, wopakidwa ndi munthu wosamala. Koma pansi pa hitisinki, pa mkuwa pomwe payenera kukhudza purosesa, panali pulasitiki ya ku fakitale, yoonekera ngati madzi, itakwinyika m'mphepete chifukwa cha moto. Zina amazilemba zofiira kuti chotsani, koma iyi inalibe chilembo chilichonse. Pa kakhutu kake kogwirira panali chidindo cha chala chotuwa ndi pesiti.

Ndinawauza chimene ndapeza. Ndinawauzanso za chalacho, sindikudziwa ngati ndinachita bwino. Anatambasula dzanja, ndipo ndinamatula pulasitikiyo ndi kuwaika pachikhatho. Anaisisita ndi chala chachikulu.

"Ananifunsa," anatero. "Anati, ba Lyford, pali pepala apa, nichose? Mazuba anali pa chiseko apo. Ine ninaganiza akamba pepala ya pa galasi ya m'mbali. Ninati, siya mapepala ya bene, ukamba maningi. Banthu banaseka. Sanafunse futi."

Mayi aja sakanatha kunena zambiri pamaso pa kasitomala popanda kuulula chinsinsi, mutu unali ukuwapweteka, ndipo lamulo la pulasitiki analimva zaka zambiri m'nyumba mwawo. Anamvera amuna awo. Pa mafunso onse a zaka zitatu, limenelo lokha ndi limene Ba Lyford sanalimvetsere, ndipo linali la tsiku lomaliza.

Ntchito yotsala inali ya mphindi khumi. Ndinapukuta pesiti wakale ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, pa purosesa ndi pa mkuwa, mpaka zonse zinawala. Ndinaika kadontho katsopano pakati, kakukula ngati njere ya khobwe. Pamene ndinkamanga, mmisiri wa mwa iwo anadzuka. Anandiuza kuti ndisamalize sikuru limodzi, ndizizungulira mopingasa kuti chitsulo chikhale mofanana, ndipo anagwira dzanja langa kuti amve mmene ndikulimbitsira. Ndinachotsa tizifani tawo ta waya tija, ndinabwezera chitseko, ndinayatsa.

Nambala inaima pa sate eyiti. Ndinaiwerenga mokweza. Tinaipatsa vidiyo yaitali ya ukwati kuti iikonze, ntchito imene imatenthetsa makina zedi, ndipo inakwera mpaka sevente n'kukhazikika pomwepo. Fani inkangopuma pansipansi. Ndinatsegulanso chitseko kuti agwire, ndipo zipsepse zinali zofunda. Anasiya chala pamenepo kanthawi ndithu. Kenako anandipempha chinthu chimodzi, kuti Lubosi asamve za maso. Ndinalonjeza msangamsanga, chifukwa ndinkafuna kulipira mlandu wanga kwa mayi aja, ndipo sindinaganize kuti ndikulonjeza chiyani.

Loweruka Lubosi anabwera ndi Mazuba magetsi atangoyaka. Kompyuta inagwira ntchito maola atatu osatsokomola. Mazuba atafunsa chimene chinavuta, Ba Lyford anati kanali kanthu kakang'ono kamene anakaphonya chifukwa cha maliro, ndipo dzina la akazi awo sanalitchule. Lubosi anandiyang'ana, nafunsa ngati ndinawathandiza. Ndinati ine ndi mafoni anga ndingadziwe chiyani, madala achita okha. Mnyamatayo anamasuka nkhope, anagwira bambo ake paphewa n'kupepesa kuti anawaderera. Mazuba anamatula pulasitiki ya pa galasi yekha, mwakachetechete, osanyoza aliyense. Lamlungu Lubosi anakwera basi yekha.

Tinapambana, ndiye ndinkatero. Lolemba ndinawauza kuti m'mawa uliwonse ndizibwera ola limodzi kudzawawerengera ndi kumanga tizisikuru. Anakana mwaulemu koma kotheratu. Anati amake Lubosi sanali wantchito woti akachoka ulembe wina. Ndinapsa mtima, ndinawatchula ouma mutu, ndinawauza kuti mutu umodzi susenza denga. Anangoti zikomo, Ba Lillian, pitani makasitomala akudikira.

Ankatsegula eyiti koloko monga kale, malaya osita, ngakhale nthawi zina mabatani atasemphana. Munthu akabwera ndi kompyuta ankaigwira ndi kunja kwa chala, ankafunsa mafunso anzeru, kenako ankati aisiye abwere mailo, kutanthauza mawa. Mailo likafika ankati sipeya sinabwere. Makina anayamba kuunjikana pa shelefu. Poyamba anthu ankawamvera chisoni, kenako anayamba kukalipa, ndipo ine ndinkamva zonse. Madzulo ena ndinkazemba kutenga imodzi kukakonza kwanga, koma atazindikira anayamba kukhoma shelefu ndi loko. Anaonda. Mankhwala awo a shuga ankawayeza ndi maso a akazi awo, ndipo tsopano ankangoganizira.

Tsiku lina mu Disembala sanafike. Cha m'ma naini mayi wa maeyataimu anabwera akuthamanga kuti madala agwera mu ngalande pafupi ndi pokwerera minibasi, mvula itakokolola poponda pomwe anazolowera. Ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa msewu, bondo likutuluka magazi, akuuza anthu kuti anangoterereka. Ndinawaperekeza kukamanga bala. Pobwerera anandigwira mkono, nandikumbutsa lonjezo langa. Ndinati ndamva. Nditawasiya kunyumba ndinaima kunja kwa geti n'kuimbira Lubosi, ndipo ndinamuuza zonse, kuyambira zaka zitatu zija mpaka bodza langa la pa Loweruka.

Anafika patapita masiku awiri. Makompyuta khumi ndi imodzi a pa shelefu ndinawakonza ine ndi kuwabwezera kwa eni ake. Zida zawo Lubosi anafuna kundisiyira, koma bambo ake anati zipite ku Kitwe, ngakhale zikakhale pansi pa bedi. Masiku onse olongedza sanandilankhule, ndipo sindinawakakamize. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinawalakwira liti, tsiku limene ndinawanamizira kapena tsiku limene ndinanena zoona. Chimene ndidziwa n'chakuti ndinkawakonda ngati bambo anga, ndipo zimandipweteka.

Ananyamuka Lachiwiri m'mawa. Ndinatseka shopu n'kupita ku siteshoni ndi botolo la madzi ozizira ndi nthochi. Ndinawapeza atakhala kale m'basi, kumbali ya zenera, Lubosi akukweza zikwama. Ndinalowa, ndinaima pafupi ndi mpando wawo n'kunena kuti ndine Lillian, ndabwera kudzatsanzika. Ndinadikira mpaka kondakitala anandiuza kuti nditsike. Iwo anali atatembenukira kuzenera, kumene sakanaona kanthu, ndipo sanacheuke.